Fulumira adadya gaga

Akuluakulu adati fulumira adadya gaga. Za mtondo ndi lichero sinditayirapo nthawi, tonse tikudziwa kuti wosadikira ufa amathera pa madeya. Chandikumbutsa mwambiwu ndi chakudya chimene tidapatsidwa pa phwando lina laukwati mwezi wathawu. Ankati ndi mbatatesi yokanya, koma ukatapa ndi supuni inkatamuka, ikunanda, n'kukakamira m'kamwa. Titafunsa, wophika adayankha monyadira kuti, "Tagaya pa blenda, mphindi imodzi basi." Kunyadako kudandiwawa kuposa chakudyacho.

M'kati mwa mbatatesi muli timatumba ting'onoting'ono todzaza ndi sitachi. Ikamapsa, timatumbato timafufuma n'kuyamba kumasukana, ndipo ntchito ya wokanya ndi kutilekanitsa osatiphulitsa. Mipeni ya blenda imating'amba tonse, sitachi n'kutayikira kunja, ndiye kunandako. Zikafika apo palibe mankhwala, kaya muthire mkaka wochuluka bwanji. Ena blenda alibe, koma amapusitsidwa ndi dzanja lozolowera mthiko. Nsima imafuna kuivundula mwamphamvu kuti mibulu ithe, pamene mbatatesi ukaitakasa choncho waipha.

Njira yake ndi yodziwika, vuto ndi loti imafuna kudekha. Sankhani mbatatesi yokhwima, yaufa, imene imasweka ikapsa. Ya ku Dedza ndi ku Ntcheu imadzaza misika yathu, choncho palibe chonamizira. Dulani zidutswa zofanana ndipo muziike m'madzi ozizira a mchere. Mukaponya m'madzi owira kale kuti zifulumire, kunja kumapsa m'kati muli mwamuwisi, ndipo mibulu imayambira pamenepo. Iwire pang'onopang'ono kwa mphindi 15 mpaka 20, kufikira foloko italowa mosakakamiza. Tsanulani madzi, bwezerani poto pamoto wochepa kuti nthunzi ituluke, chifukwa mbatatesi yonyowa simwa batala. Kanyani, kenako muidutsitse pa sefa mukuikankha ndi kumbuyo kwa supuni. Batala ayambe kulowa, mkaka wofunda ubwere pambuyo, pang'onopang'ono.

Wina anena kuti zimenezi n'zachikale. Joël Robuchon, wophika wa ku France amene adamwalira mu 2018, adatchuka dziko lonse ndi chakudya chomwechi m'zaka za m'ma 1980 pa lesitilanti yake ya Jamin ku Paris. Pa kilogalamu imodzi ya mbatatesi ankathira magalamu 250 a batala, ndipo mbatatesiyo ankaiumitsa pamoto ndi kuidutsitsa pa sefa ya timabowo ting'onoting'ono. Munthu woti akadatha kugula makina aliwonse adasankha kuvutika ndi sefa. Nanga ife tikuthamangira kuti?

Ndivomereko pang'ono, ngakhale mtima sukufuna. Akuluakulu omwewo adatinso zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo pano alipo malo amodzi ofunika changu: mbatatesi imakanyidwa ikadali yotentha, ikazizira imauma mutu. Ndivomerenso kuti wophikira khamu la anthu sangakhalire sefa tsiku lonse. Koma ameneyo akanye ndi dzanja, atipatse ya timibulu pang'ono, kapena angoiwiritsa n'kuipereka yathunthu. Kuchuluka kwa alendo si chilolezo chowadyetsa zonanda.

Chimene chikundikwiyitsa ndi khalidwe limene likufala loyesa ntchito ndi kufulumira kwake, osalabadira amene adzadye. Timagula makina n'kuganiza kuti tagula luso, ndipo zikawonongeka timati ndi chitukuko. Pa mwambi uja amene adadya gaga ndi wofulumirayo, chilango chidagwera mwini wake. Masiku ano wofulumira amavula epuloni n'kulandira malipiro, gagayo n'kudyetsa anzake. Kumeneko n'kupanda ulemu. Ngati mulibe theka la ola loti muphikire mlendo mbatatesi yokanya, muphikireni china.