Mwana Sagulidwa ku Chipatala

Pa 31 Meyi Mpingo umakumbukira ulendo wa Amayi Maria wokacheza kwa Elizabeti. Luka Woyera (1:39-56) sabisa kuti amayi awiriwa anali oyembekezera, ndipo amasimba kuti Yohane anatakataka m'mimba mwa mayi ake. Mawu amenewa amawerengedwa m'tchalitchi ana ali pomwepo, akumva.

Komabe m'mabanja ambiri mwana akafunsa za pakati pa amayi ake amakalipiridwa, kapena amauzidwa kuti khanda akaligula ku chipatala. Tsiku lina adzazindikira kuti ananamizidwa, ndipo mafunso aakulu a pa unamwali adzapita nawo kwa anzake, osati kwa makolo.

Mwana wa zaka zinayi safuna zambiri. Zimamukwanira kumva kuti Mulungu wapatsa banja mwana wina, amene akukula m'mimba mwa amayi kwa miyezi 9. Mantha ake enieni ndi akuti alandidwa msana wa amayi. Choncho makolo azipempherera naye khandalo madzulo aliwonse lisanabadwe, ndipo amayi akakhala m'chikuta, bambo azimunyamula. Tsiku la ubatizo aime pafupi, auzidwe kuti nayenso anathiridwa madzi momwemo.

Ambuye adalitse mabanja onse oyembekezera m'parishi muno.