Tulo ta Kapuku

Mu 1930, katswiri wa zinyama Israel Aharoni anakumba una pafupi ndi mzinda wa Aleppo ku Syria, nagwira timbewa timene zidzukulu zake zimawetedwa lero m'nyumba zambiri ndi dzina loti hamster. Kanyamaka kakazizidwa kwambiri kamauma gwa, mtima n'kumagunda mwapatalipatali. Eni ake ena amakakwirira poyesa kuti kafa, chikhalirecho kangogona podikira kufunda.

Wokumba mbewa sangadabwe nazo, pakuti amamudziwa kapuku, amene amanona m'masika nadzitsekera kuuna m'nyengo yachisanu, akudalira mafuta a m'thupi mwake. Funso limene nyamazi zimadzutsa ndi ili: chamoyo chikangoti zii, ndani ali ndi ufulu wogamula kuti chatha?

Funsoli limalemera likafika pa anthu. M'minda ya fodya ya ku Mashonaland, monga ku Mvurwi, Banket ndi Trelawney, munakulira ana ndi adzukulu a machona ochokera ku Malawi. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito, ndipo ochepa okha ndiwo anagawiridwa malo. Lamulo la 2001 linafuna kuti akane unzika wa dziko limene ambiri sanalipondepo. Olephera kutero anasanduka alendo kumene anabadwira. Anangoti phee m'makomboni, kumadyera maganyu, ngakhale gule wamkulu ankatulukabe pamaliro. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 atabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC, zinaoneka kuti amene anawerengedwa ngati otha anali akupumabe.

Komabe kutamanda kupirira kuli ndi msampha wake. Chisanu cha kapuku n'chachilengedwe, pomwe cha anthuwa chinakonzedwa ndi anthu anzawo. Ndiponso tulo totere timadya mwini wake: kapuku amadzuka atawonda, ndipo mwana amene sanalembe mayeso posowa chikalata cha kubadwa sangabwezeredwe zaka zake ndi lamulo lililonse. Woyamikira kulimba mtima kwa wozunzika, osafunsa amene anadzetsa chisanucho, amangokometsera nkhanza.

Woweta hamster amalangizidwa kukafunditsa kanyamako pang'onopang'ono asanakumbe manda. Kwa munthu mnzake, udindo umayambira patsogolo pa pamenepo: kusalola kuti azizidwe mpaka kukhala chete kusanduke njira yokhayo yopulumukira.