Galimoto Ikakana Kulira: Kodi Chifukwa Chili mu Injini Mokha?

Pa nyengo yogulitsa fodya, lole yonyamula mabelo kuchokera ku Wimbe kupita kumsika wa Chinkhoma ikakana kulira m'mamawa, pamabuka mafunso awiri amene anthu amawasakaniza kawirikawiri. Loyamba ndi la makaniko, amene amayatsa nyali kuti aone ngati batire ili ndi moto, n'kupala dzimbiri loyera pamitu yake, kenaka n'kumvetsera sitata, kamakina kamene kamazungulitsa injini poyambirira. Ngati injiniyo ikuzungulira koma osalira, iye amalondola njira ya dizilo, poti mpweya ukalowa m'mapaipi kapena sefa ikatsekeka, mafuta safika.

Lachiwiri ndi la mlimi amene ngongole ya feteleza ikumudikira: n'chifukwa chiyani zamugwera iyeyo, ndiponso lero? Mu 1937, katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu, E. E. Evans-Pritchard, anasonyeza kuti anthu a mtundu wa Azande ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chimagwetsa nkhokwe, koma ankatchula ufiti pofotokoza chifukwa chimene nkhokweyo yagwera pamene anthu akhala pansi pake. Funso lotere si la umbuli, pakuti munthu amafuna tanthauzo la tsoka lake, ndipo sipanala siingamuyankhe.

Choopsa chimadza pamene yankho la funso lachiwiri lilanda malo a loyamba, chifukwa pamenepo mnansi wosalakwa amalozedwa chala, waya womasuka ali chimasukire. Pemphero limalimbitsa mtima kuti munthu apirire zimene sangazisinthe, koma nzeru zofufuzira vuto nazonso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo kuzinyalanyaza ndiko kupeputsa amene anazipereka.