Kodi Mulungu Asamala za Jumbo Lotayidwa?

Werengani: Genesis 2:15, Deuteronomo 23:12-14, Masalmo 24:1, Luka 16:10, Yohane 6:12, Chibvumbulutso 11:18, 14:7.

Lachisanu masana, pa tsiku lokonzekera, mayi abwera kuchokera kumsika. Tomato ali m'jumbo lakelake, usipa m'lake, mchere m'lake, ndipo zonsezi zanyamulidwa m'jumbo lina lalikulu. Dzuwa lisanalowe, chakudya cha Sabata chapsa, nyumba yasesedwa, zobvala zasitidwa. Koma majumbo aja atayidwa kuseri kwa nyumba. Anatumikira ola limodzi lokha, koma adzakhala m'nthaka kufikira ana a m'nyumbamo atakalamba. Kodi kanthu kochepa chotere kangakhale nkhani ya chikumbumtima, kapena ndi ntchito ya alangizi a zaumoyo okha?

Mwini Munda ndi Wolima

Davide atikumbutsa kuti dziko lapansi ndi zonse za m'mwemo mwini wake ndi Yehova (Masalmo 24:1). Adamu sanagule munda wa Edene, koma anaikidwamo ndi kupatsidwa ntchito ziwiri, kulima ndi kusunga (Genesis 2:15). Ntchitozi zinaperekedwa uchimo usanalowe, kotero kusunga dziko si chilango ayi, koma ulemu umene Mlengi anapatsa munthu. Ife timaphunzitsa za ukapitawo tikamanena za chakhumi, za nthawi, ndi za thupi. Nanga nthaka ya pakhomo pathu, ndi mtsinje umene titungako madzi, zinachoka liti m'manja mwa Mwini wake?

Pulasitiki ndi chinthu chatsopano m'mbiri ya anthu. Leo Baekeland anapanga pulasitiki yoyamba yochokera ku mankhwala okhaokha m'chaka cha 1907. M'chaka cha 1950 dziko lonse linapanga matani pafupifupi 2 miliyoni, koma lero lipanga matani oposa 400 miliyoni chaka ndi chaka, ndipo mwa zotayidwazo, zimene zimasungunulidwa ndi kupangidwanso sizikwana gawo limodzi mwa magawo 10. Tsamba la nthochi limene agogo athu ankakulungira chakudya linkaola ndi kudyetsa nthaka. Jumbo siliola, limangophwanyika kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'madzi ndi m'nsomba.

Mnansi Wanga Ndani?

Tiyenera kunena zoona: pulasitiki si tchimo mwa iyo yokha. Ndowa yotungira madzi, paipi ya pa mjigo, jakisoni wa ku chipatala amene agwira ntchito kamodzi kuti asafalitse matenda, zonsezi zapulumutsa miyoyo. Bvuto lili pa chizolowezi cholandira chinthu kwa kamphindi ndi kuchitaya osafunsa kumene chidzagwera.

Pakuti chimagwa ndithu pa munthu wina. Jumbo limene mphepo yachotsa pakhomo panu limadyedwa ndi mbuzi ya mnansi wanu. Limatsekera m'mimba mwake, ndipo imaonda kufikira kufa, mwina ili mbuzi imene anati adzagulitse kuti alipire sukulu ya mwana. Botolo lotayidwa m'ngalande limatseka njira ya madzi, ndipo mvula ikagwa madziwo amalowa m'nyumba za okhala kumunsi, amene kawirikawiri ndi osauka. Madzi otsalira m'zigubu zotayidwa amaswetsa udzudzu. Tikakoleza mbaula ndi pulasitiki, kapena kutentha zinyalala madzulo, utsi wake wapoizoni upumidwa ndi khanda lili kumbuyo kwa amake. Tingakane bwanji fodya chifukwa thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akorinto 6:19), koma ndi kumadzaza nyumba ndi utsi wotere? Paulo aphunzitsa kuti chikondi sichibvulaza mnansi (Aroma 13:10), ndipo sanapatule zoipa zimene tichita mosaona nkhope ya wobvutikayo.

Taonaninso lamulo la kwa Israyeli pa Deuteronomo 23:12-14. Mulungu sanayese ukhondo wa pa misasa chinthu chonyozeka. Anaulumikiza ndi kukhala kwake pakati pa anthu ake. Tikumbukire zimenezi pamene tiyang'ana bwalo limene tasiya misonkhano yathu ya misasa itatha.

Koma Dziko Lidzapsa

Mbale wina angati: Yesu ali pafupi kudza, ndipo dziko lino lidzatenthedwa (2 Petro 3:10), tidzibvutitsirenji ndi zinthu zakutha? Mau awa amveka ngati chikhulupiriro, koma tawayesani. Thupi ilinso lidzabwerera kufumbi, komabe sitileka kulisamala. Wantchito wodziwa kuti mbuye wake abwera posachedwa sawonjezera zinyalala pabwalo, koma agwira tsache. Buku lomwelo limene litilonjeza dziko latsopano lichenjezanso kuti oononga dziko adzaweruzidwa (Chibvumbulutso 11:18). Ndipo uthenga wa mngelo woyamba uitana anthu kulambira Iye amene analenga (14:7). Sabata ndilo chikumbutso cha chilengedwe. Kodi tingalemekeze Mlengi tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndi kunyoza ntchito ya manja ake masiku asanu ndi limodzi? M'chaka cha 1996 atsogoleri a mpingo wathu pa dziko lonse anatikumbutsa za ukapitawo wa chilengedwe, natilimbikitsa kukhala moyo wosalira zambiri.

Wina angatinso: banja langa ndi limodzi, lingasinthe chiyani? N'zoona kuti maboma ali ndi gawo lawo. Rwanda inaletsa majumbo m'chaka cha 2008, Kenya m'chaka cha 2017. Malawi inaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linabvomereza chiletsocho m'chaka cha 2019. Koma lamulo silifika m'khitchini, ndipo Mkhristu sayembekeza wapolisi kuti achite chabwino. Ambuye amene anadyetsa anthu 5,000, amene akanatha kuchulukitsanso mkate m'mawa mwake, analamula kuti makombo atoleredwe (Yohane 6:12). Iye ayesa kukhulupirika ndi zazing'ono (Luka 16:10), osati ndi kukula kwa zotsatira zake.

Kuyamba Pakhomo

Ntchito iyi isasiyidwe kwa mayi yekha. Pa mapemphero a m'banja, bambo, mayi ndi ana apangane. Choyamba, sungani pamalo amodzi mapulasitiki onse olowa m'nyumba kwa mlungu umodzi, ndipo muwawerenge pamodzi, ambiri adzadabwa. Kenaka sankhani zosintha ziwiri kapena zitatu. Dengu kapena thumba losokedwa ndi chitenje chakale likhale pafupi ndi khomo, ndipo mwana mmodzi akhale wokumbutsa. Pogula mafuta ophikira, tengani botolo lanu. Ana atenge madzi a kusukulu m'botolo lotsukidwa. Pa chakudya cha pamodzi kutchalitchi, banja lililonse libwere ndi mbale ndi makapu ake. Mbaula ikolezedwe ndi tinkhuni kapena zitsononkho.

Tichite izi popanda kuweruzana. Wogula mafuta a tsiku limodzi m'kapulasitiki chifukwa cha kusowa asachititsidwe manyazi. Amene ali ndi madengu awiri apatse wopanda. Ana amene aona atate awo akukana jumbo mwaulemu pa golosale adzaphunzira, popanda ulaliki, kuti dziko lili ndi Mwini wake.

Zokambirana M'kalasi

1. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kugwiritsa ntchito chinthu ndi kuchisakaza?
2. Mungamuyankhe bwanji mwachikondi mbale wonena kuti kusamala dziko kutichotsa pa ntchito yolalikira?
3. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene banja lanu lidzasintha Sabata likudzali lisanafike?