Munthu amene ankadzitcha Chilombo: kodi matsenga a Crowley anasintha dziko?

Pa 1 December 1947, m'nyumba ina yogona alendo ku Hastings, kum'mwera kwa England, munamwalira nkhalamba ya zaka 72, yosauka, yodwala chifuwa ndiponso kapolo wa mankhwala ozunguza bongo a heroin. Dzina lake linali Aleister Crowley. Patadutsa zaka 20, nkhope yake inaoneka pachikuto cha chimbale cha a Beatles chotchedwa Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band. Mu 2002, BBC itapempha anthu kusankha anthu 100 opambana m'mbiri ya Britain, iye anakhala pa nambala 73. Kodi munthu wotere anafikapo bwanji pamenepa? Ena amati mizimu imene ankaiitana ikugwirabe ntchito. Mbiri ikusonyeza njira ina, yoonekera poyera.

Crowley anabadwira ku Leamington Spa mu 1875, m'banja lolemera la mpingo wa Plymouth Brethren. Bambo ake, amene anali mlaliki, anamwalira mwanayo ali ndi zaka 11, ndipo kuyambira pamenepo anaukira chilichonse chimene anaphunzitsidwa. Mayi ake akapsa mtima ankamutcha Chilombo cha m'buku la Chivumbulutso. Iye analikonda dzinalo n'kulinyamula moyo wake wonse.

Mu April 1904, ali ku Cairo ndi mkazi wake Rose Kelly, ananena kuti kwa masiku atatu anamva mawu a mzimu wotchedwa Aiwass, n'kuwalemba m'kabuku kotchedwa The Book of the Law. Apa ndi pamene panabadwira chipembedzo cha Thelema. Phata la chiphunzitso chake n'lakuti munthu aliyense ali ndi cholinga chenicheni cha moyo wake, ndipo ntchito yake ndi kuchipeza n'kuchitsata, popanda mpingo, boma kapena mwambo womulamulira. Otsatira ake amatsindika kuti cholingachi si chilakolako wamba.

Vuto lagona pomwepo. Ndani angauze munthu kuti chimene akumva mumtima ndi cholinga chenichenicho osati dyera? Chiphunzitsochi chimasiya mlandu wonse m'manja mwa mwini wake, kuti akhale wodandaula, mboni ndi woweruza. Crowley mwiniyo ndiye umboni wa ngozi yake. Mu 1920 anatsegula nyumba ya chipembedzochi ku Cefalù, pachilumba cha Sicily, kumene miyambo yamatsenga, chiwerewere ndi mankhwala zinkayendera limodzi, m'malo auve. Mu February 1923, Raoul Loveday, mnyamata amene anaphunzira ku Oxford, anafera komweko atadwala m'mimba. Mkazi wake, Betty May, anabwerera ku London n'kuulula zonse kwa atolankhani. Nyuzipepala ya John Bull inatcha Crowley munthu woipitsitsa padziko lapansi, ndipo boma la Mussolini linamupirikitsa pachilumbapo. Amene anavulala ndi Thelema ya Crowley anali anthu amene anamukonda n'kumukhulupirira.

Komabe maganizo ake anayenda, ndipo mapazi ake ndi osavuta kulondola. Ku Pasadena, ku California, Jack Parsons, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa Jet Propulsion Laboratory, usana ankayesa maroketi, usiku n'kumatsogolera gulu la a Thelema. Mu 1946 anachita miyambo ina pamodzi ndi mlembi wa nthano dzina lake L. Ron Hubbard, amene pambuyo pake anayambitsa Scientology. Parsons anafa mu 1952 mankhwala ataphulika kunyumba kwake. Maroketi ake ankauluka chifukwa cha sayansi ya mafuta, osati mapemphero ake.

Mphukira yaikulu inatuluka kwa Gerald Gardner, amene anakumana ndi Crowley mu 1947 ndipo anabwereka mawu ake ambiri polemba miyambo yoyambirira ya chipembedzo cha Wicca. Britain itachotsa lamulo loletsa ufiti mu 1951, Gardner anatulukira poyera. Mu 2007, boma la America linavomereza chizindikiro cha Wicca pamanda a asilikali. Oimba nawo anatola zawo: Jimmy Page wa Led Zeppelin anagula nyumba yakale ya Crowley ya Boleskine, pafupi ndi nyanja ya Loch Ness, ndipo Ozzy Osbourne anatulutsa nyimbo ya dzina la Crowley mu 1980.

Koma chipembedzo chenichenicho n'chaching'ono kwambiri. Pa kalembera wa 2011 ku England ndi Wales, anthu 184 okha ndi amene analemba kuti ndi a Thelema, pamene a Wicca anapitirira 11,000. Chimene chinafalikira ndi ganizo lakuti munthu adzisankhire yekha njira yauzimu, ndipo ganizoli silinali la Crowley yekha. Linakula m'zaka za m'ma 1960 pamodzi ndi maphunziro, chuma ndi kuchepa kwa anthu m'matchalitchi a ku Ulaya. Crowley anangolipatsa nkhope yochititsa chidwi, yogulitsa zimbale.

Pali mbali ina imene okonda kufalitsa mavidiyo a pa intaneti onena za magulu achinsinsi satchula: mantha a matsenga nawonso awononga miyoyo. M'zaka za m'ma 1980, America inagwidwa ndi mphekesera zakuti olambira Satana akupha ana mwamseri. Kenneth Lanning wa FBI atafufuza, analemba mu 1992 kuti sanapeze umboni wa magulu otere. Ngakhale zinali choncho, mu 1994 anyamata atatu a ku Arkansas anaweruzidwa pa mlandu wopha ana atatu ku West Memphis. M'khoti, mmodzi wa anyamatawo, Damien Echols, anafunsidwa za Crowley, za mabuku amene ankawerenga ndi zovala zake zakuda, ndipo anagamulidwa kuti aphedwe. Atatuwa anatuluka mu 2011, kuyeza kwa DNA kutalephera kuwalumikiza ndi imfazo, atataya zaka 18 m'ndende.

Crowley ayenera kudzudzulidwa, ndipo zifukwa zake zilipo zokwanira: nkhanza zake kwa akazi ndi ophunzira ake, ndiponso chiphunzitso chosapatsa munthu wina aliyense mpata womudzudzula. Koma palibe umboni wakuti miyambo ya ku Cairo kapena ku Cefalù inagwedeza boma lililonse. Mphamvu imene anali nayo inadutsira m'mabuku, m'zimbale ndi m'nyuzipepala zimene zinkamutukwana, ndipo zonsezi aliyense angazifufuze.