Kodi Chifundo Chingathe Kupuwalitsa?

Tiyerekeze mayi wa ku Golomoti amene watuluka m'chipatala cha Mua atadwala sitiroko. Mtsempha wa magazi unatsekeka mu ubongo, ndipo mkono wake wamanja wafooka. Ana ake amawadyetsa, amawasambitsa, nawamangira chitenje. Ndani angakane kuti ichi ndi chikondi? Komatu achipatala amatichenjeza kuti mkono wosagwiritsidwa ntchito umauma, pakuti ubongo umaphunziranso mwa kubwerezabwereza, makamaka m'miyezi yoyamba. Kotero dzanja limene tilimvera chisoni koposa ndilo tingathe kulitaya.

Akatswiri a sukulu ya MIT ku America anayamba mu 1989 kupanga makina otchedwa MIT-Manus, ogwira dzanja la wodwala ndi kuliyendetsa. Ofufuza anaona kuti makina akasenza ntchito yonse, wodwala amangotsamira. Chifukwa chake makina otere amakonzedwa kuti ayese mphamvu ya munthu aliyense payekha, kumthandiza pamene walephera ndi kumleka pamene angathe. Komabe kafukufuku wa ku Britain wa mu 2019, wa odwala 770, anapeza kuti makinawo sanapose chithandizo cha masiku onse pobwezeretsa ntchito ya mkono. Tisataye mtima tsono poti m'midzi mwathu mulibe makina. Nzeru yake ya kuthandiza mwa muyeso tingathe kuitsata pakhomo.

Werengani Marko 3:1-5. Ambuye sanamgwirire munthu uja dzanja lake lopuwala. Anamlamula kuti alitambasule yekha, ndipo mphamvu inadza pamene iye anayesa.

Koma muyesowo ndi wovuta. Kumsiya wodwala alimbane ndi chimene sangathe ndi nkhanza. Kumchitira chimene angathe ndiko kumlanda ulemu wake. Malire a ziwirizi sali amodzi kwa onse, ndipo amasuntha sabata ndi sabata. Msodzi wa kunyanja alakalaka nkhafi, mlimi wa ku Mtakataka khasu, mayi uja mthiko. Tiyenera kuwafunsa, kutsata malangizo a achipatala, ndi kupirira pamene mbamu ya nsima itenga nthawi kufika pakamwa.

Tivomereze kuti kawirikawiri timafulumira kuthandiza chifukwa kudikira kumatiwawa ife eni.

Funso lolingalira: Kodi thandizo limene tipatsa odwala athu likuwabwezera mphamvu, kapena likungotonthoza mitima yathu?