Ofesi Italowa m'Nyumba, Tsiku ndi la Yani?

Pa 11 March 2020 bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, linalengeza kuti nthenda ya Covid-19 yasanduka mliri wa maiko onse. Patapita mlungu umodzi, pa 18 March, boma la Zambia linanena kuti nthendayo yapezeka mwa anthu awiri, ndipo pa 20 March masukulu onse anatsekedwa. Ku Britain anthu anauzidwa pa 23 March kuti asacoke pakhomo popanda cifukwa cacikuru; ku South Africa lamulo lotere linayamba pa 27 March, ndipo asilikali anaikidwa m'miseu. Dziko la Zambia silinatsekere anthu ake onse m'nyumba, koma malo omwera mowa anatsekedwa, misonkhano ya anthu opitirira 50 inaletsedwa, ndipo maofesi ambiri anauza alembi ao, owerengera ndalama ndi ena otere kuti anyamule kompyuta, akagwirire nchito kwao. Motero thebulo lodyerapo nsima linasanduka desiki, ndipo mau a bwana, amene kale anali kuthera pa cipata ca kampani, anayamba kumveka m'cipinda cogona.

Ambiri anayesa kuti bvuto la nchito yotere ndi la zipangizo cabe, monga intaneti yoduka-duka, mpando woumitsa msana ndi phokoso la ana. Zimenezo zinalipodi. Koma pansi pa izo panagona funso limene silikonzeka ndi waya, ndilo lakuti: munthu wolembedwa nchito akakhala m'nyumba mwake, kopanda womuona, kodi maola a tsikulo ndi a yani? Funsoli lili ndi nkhope ziwiri, ndipo kawiri-kawiri anthu aona imodzi yokha.

Kugwirira nchito pakhomo si cinthu cacilendo konse. Wosula makasu, woumba mbiya, woluka mphasa, ndi mai wosinja cimanga anali kugwira nchito pa bwalo lao, ana ali pambali, ndipo panalibe wakuwawerengera maola. Dzuwa ndi mvula ndizo zinali kuwauza nthawi, ndipo waulesi anali kudzilanga yekha, pakuti nkhokwe yake inali kumneneza pofika mwezi wa February. Cimene cinali cacilendo ndico kugulitsa nthawi. Msonkho utakankha amuna kukafuna ndalama ku mafamu ndi ku migodi, ndipo Roan Antelope wa ku Luanshya atayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, anthu anaphunzira moyo wa tikiti: kapitao acongapo tsiku liri lonse limene munthu wagwira, ndipo akakwana masiku 30 ndiye alandira malipiro. Kuyambira pamenepo nchito inakhala ndi malo ake-ake, ndi cipata cake, ndi belu lake.

Cipata ndi belu zinali kucita nchito ziwiri pamodzi, ngakhale kuti anthu anazolowera kuona yoyamba yokha. Zinali kucinjiriza bwana kwa wanchito waulesi, popeza wocedwa anali kuonekera poyera. Koma zinalinso kucinjiriza wanchito ndi banja lake kwa bwana wosakhuta, pakuti belu la madzulo likalira, munthu anali mfulu kufikira m'mawa. Ufulu umenewo sunadze wokha. Pangano loyamba la bungwe la ILO, la mu 1919, linali la maola 8 pa tsiku ndi 48 pa mlungu m'mafakitale, ndipo muyeso womwewo uli m'lamulo la nchito la Zambia la mu 2019. Mliri unagwetsa cipata, nukhalitsa cete belu, ndipo zonse ziwiri zimene izo zinali kusunga zinatsala pa mtetete tsiku limodzi.

Olemba anthu nchito anaona msanga nkhope yoyamba. Anati, kapitao kulibe, tsono munthu adzadzuka dzuwa litakwera, adzayankha kalata imodzi, napita kukaona maliro, kukasaka makala otsika mtengo, kapena kukagona. Mantha amenewa sali opanda pake, ndipo mlandu wake ngwosabvuta kuweruza. Malipiro ndi pangano. Munthu amene alandira ndalama ya maola 8 atagwira maola 3, namasiya kompyuta yoyaka kuti aoneke ngati alipo, watenga cimene siciri cake, monga momwe acitira wogulitsa ufa ndi mbale yophwanyika pansi. Kusaonedwa sikusintha kanthu pa mlanduwo, kungocotsa mboni. Ndiponso amene abedwa si bwana yekha ai, koma nkhalamba imene iyembekeza pepala la penshoni, ndi mnzake wa pa nchito amene adzasenza katundu wotsalayo. Pano mliri unayesa anthu ndi mayeso abwino, popeza unaonetsa ngati kukhulupirika kwa munthu kunali mwa iye mwini kapena kunali m'maso mwa kapitao.

Komabe pamene anthu ophunzira anawerenga zocitika, sanapeze ulesi umene unali kuopedwa. Mliri usanabwere, mu 2010 ndi 2011, kampani ya za maulendo ya Ctrip ku Shanghai inayesa cinthu ici kwa miyezi 9 pamodzi ndi Nicholas Bloom wa ku Stanford ndi anzake. Mwa anchito oyankha lamya amene anadzipereka, ena anatumizidwa kwao ndipo ena anatsala mu ofesi, posankha monga mwa maere. A kunyumba anaposa anzao ndi magawo 13 pa 100, makamaka cifukwa anali kupumula pang'ono ndi kupempha masiku a matenda ocepa, komanso cifukwa kwao kunali bata. Ndipo mu 2020, akatswiri a ku Harvard ndi ku New York University atapenda makalata ndi misonkhano ya pa intaneti ya anthu oposa 3 miliyoni m'mizinda 16, anapeza kuti m'milungu yoyamba ya kutsekeredwa, tsiku la nchito, kuyambira pa kalata yoyamba kufikira yotsiriza, linatalika ndi mphindi ngati 48. Ambiri sanabe nthawi ya bwana. Inali nthawi yao imene inali kucoka.

Iyi ndiyo nkhope yaciwiri, ndipo ndiyo yobvuta, cifukwa wolakwa sadzimva kuti walakwa. Bwana amene sangayerekeze kugogoda pa citseko ca mlembi wake pa 9 koloko usiku, saona coipa kumtumizira uthenga wa pa WhatsApp ola lomwelo. Ati, ndangotumiza, ayankha akafuna. Koma mlembi uja adziwa kuti makampani ali kucotsa anthu, adziwanso kuti lamya ionetsa ngati uthenga wawerengedwa, ndipo aika nthongo pansi nayankha. Palibe amene wamkakamiza, komabe sanganene kuti iai. Pempho la munthu amene agwira mphika wa mnzake silisiyana kweni-kweni ndi lamulo, ndipo wamkulu wosadziwa zimenezi ngwosasamala, pamene wozidziwa nazigwiritsa nchito ngwoba. Ngati kuli kuba kulandira ndalama ya maola amene sunagwire, kulinso kuba kulandira maola amene sunalipire. Mulingo ndi umodzi. Kungoti wina akabedwa aitana komiti, pamene mnzake akabedwa angoti zikomo bwana.

Sinali nthawi yokha imene inatengedwa. Ofesi inalowa m'nyumba yosalipira lendi. Cipinda, magetsi, ndi ndalama za intaneti zinacokera m'thumba la wanchito, kupatula kumene olemba nchito anaganizako. M'Zambia munali bvuto lina pamwamba pake: cilala ca 2018 ndi 2019 cinatsitsa madzi a ku Kariba, kotero kuti magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mu ofesi muli jenereta koma m'nyumba za anthu ambiri mulibe. Wokhulupirika anali kudikira kuti magetsi abwere pakati pa usiku, nagwira nchito ena ali m'tulo. M'buku la kampani tsikulo linalembedwa monga tsiku wamba.

Koma amene analipira kwambiri ndi anthu osalembedwa m'buku liri lonse. Masukulu atatsekedwa, ana anali pakhomo tsiku lonse. M'nyumba ya zipinda ziwiri, bambo akakhala pa msonkhano wa pa Zoom, banja lonse liri pa msonkhano: wailesi izimitsidwa, mwana wolira aturutsidwa, mtondo uleka. Kumene mai nayenso anali wolembedwa nchito, kawiri-kawiri ndiye anali kuyankha bwana ndi dzanja limodzi, lina liri pa mthiko. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa, koma mai uyu sanasankhe mapanga awiri; anangopezeka kuti onse agumukira pamodzi pa iye. Panali phindu limodzi lokha pamenepa, ndilo lakuti amuna ena, amene kwa zaka zambiri anali kucoka m'mamawa nabwera mbale zitatsukidwa, anaona ndi maso ao kuti nyumba siidziyendetsa yokha. Ena ataona anagwirako tsace. Ena anangopempha kuti citseko citsekedwe.

Wina angati, kodi si mwano kuti munthu wodya malipiro ali pa mpando wa m'nyumba mwake adandaule, pamene ena anasowa ndi cakudya comwe? Mau amenewa ali ndi mphamvu. Mai wogulitsa tomato pa Soweto Market, kondakitala wa minibasi, namwino wa pa cipatala ca UTH ndi woyendetsa lole pa malire a Nakonde sakanatha kunyamula nchito yao kupita nayo kunyumba. Ku Malawi, boma litalamula kuti anthu atsekeredwe masiku 21 kuyambira pa 18 April 2020, ogulitsa malonda anakwiya, ndipo bwalo lalikuru la milandu linaimitsa lamulolo pa 17 April, odandaula atanena kuti boma silinakonze cimene osauka adzadye. Wogwirira nchito pakhomo anatha kubisala cifukwa ena sanabisale. Ndiwo zake zinadza ndi munthu amene anakwera basi. Koma zimenezi sizipatsa bwana cilolezo ca kudya usiku wa wanchito wake, monganso njala ya mnansi siilungamitsa woba mbuzi ya wokhuta. Cimene zicita ndico kutembenuza funso. Pakuti mlembi uja, amene ali wamng'ono ku ofesi, kwao ndiye bwana: ali ndi mtsikana wocapa, kapena mnyamata wa m'dimba. Ena, poopa nthenda, anawauza kuti ayambe akhala kwao, osawapatsa kanthu, pamene iwo eni malipiro ao anali kulowa mwezi ndi mwezi. Ena anawauza kuti agone pomwepo asapite ku komboni, ndipo maola a mtsikana anatalika koposa a mwini nyumba. Munthu wodandaula za uthenga wa 9 koloko usiku ayenera kuyamba wafunsa kuti mbale za usikuwo anatsuka ndani, ndiponso nthawi yanji.

Nanga cingalowe m'malo mwa belu nciani? Maiko ena anayesa lamulo. Ku France, kuyambira pa 1 January 2017, makampani a anchito 50 kapena kuposa anayenera kupangana ndi anchito ao za ufulu wa kusayankha mauthenga nthawi ya nchito itatha, ndipo mu November 2021 nyumba ya malamulo ya ku Portugal inaletsa olemba nchito kufuna anchito ao pa nthawi yopumula, kupatula pa ngozi. Malamulo otere ngabwino, koma wapolisi sangaime m'cipinda ciri conse. Anthu amene anazolowera kale kugona ndi kugwira nchito pansi pa denga limodzi anadziwa kuti belu liyenera kukhala m'nyumba momwemo. Malangizo amene Benedikto analembera amonke ake ku Monte Cassino m'zaka za m'ma 500 agawa tsiku m'nthawi za nchito ya manja, za kuwerenga, za kupemphera ndi za kugona, ndipo cizindikiro cikamveka munthu aleka cimene ciri m'manja mwake. Cofunika kuona ncakuti malangizowo amanga mkuru wa nyumba pamodzi ndi wamng'ono. Anthu amene anakhoza bwino m'miyezi ya mliri anacita zofanana ndi zimenezi, ngakhale sanamvepo za Monte Cassino: anasamba ndi kubvala pa ola lake, anagwira maola ao mokwanira monga ngati kapitao ali kumbuyo, ndipo nthawi itakwana anatseka kompyuta naibisa m'kabati. Koma wamng'ono sangatseke yekha ngati wamkuru satseka. Ndiye cifukwa cake udindo waukuru uli pa amene ali ndi mphamvu: iye akasunga uthenga wake kufikira m'mawa, wamasula nyumba khumi.

Pa 5 May 2023 bungwe la WHO linanena kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo pofika nthawiyo maofesi ambiri anali atadzazanso. Ambiri anabwerera mokondwa, monga anacitira pafupi-fupi theka la anchito a Ctrip aja, amene atapatsidwa ufulu wosankha anabwerera ku ofesi, ambiri cifukwa ca kusungulumwa. Ndipo kunapezekanso kuti wogwirira kunyumba, ngakhale agwire bwino, sanali kukwezedwa msanga monga mnzake woonekera. Cipata cinatsegulidwanso, ndipo alonda analembanso maina m'buku la pa khomo m'mawa uli wonse. Koma magulu a pa WhatsApp amene anapangidwa mu March 2020 ambiri sanafafanizidwe, ndipo lamya imene inaphunzira njira ya ku cipinda cogona ikali kulira pa ola la cakudya ca madzulo.